Mbiri ya Mayeso a Using'anga ndi Luso la Kuwerenga Funso Lalitali

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, akafika pa Domasi ndi kupotolokera kumanzere, alowa m'chigwa chimene chagona pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa. M'chigwamo muyenda mtsinje wa Domasi, umene utsikira ku nyanja ya Chilwa, ndipo kumtunda kwake kuli Mishoni imene Alexander Hetherwick wa Mpingo wa Scotland anayamba m'chaka cha 1884, m'dziko la mfumu Malemia ya Ayao. Kuyambira masiku amenewo dera lino ladziwika ndi nchito ya kuphunzitsa ana ndi kuphunzitsa aphunzitsi, ndipo ena mwa ana amene tiwaphunzitsa alifubeti m'sukulu zathu ndiwo amene adzakhala asing'anga a m'zipatala za dziko lino.

Mwana wofuna using'anga sapatsidwa chilolezo cha kugwira odwala asanapambane mayeso, ndipo mayeso ambiri a masiku ano amakhala ndi mafunso aatali, ofotokoza za wodwala m'mizere khumi kapena kuposa, ndi mayankho anai kapena asanu pansi pake oti asankhepo limodzi. Ambiri amalephera mafunso otere ngakhale adziwa nthenda ndi mankhwala ake, chifukwa sanawerenge bwino chimene chafunsidwa. Tsono popeza kuwerenga ndiyo nchito yathu ife aphunzitsi a zinenero, kuyenera kuti tidziwe kumene mayesowa anachokera, chifukwa chake asintha chotere, ndi njira zimene wophunzira angatsate powawerenga.

Mayeso a masiku a Mishoni

Azungu oyamba a Mishoni anafika ndi bokosi la mankhwala pamodzi ndi buku. Hetherwick mwini sanali sing'anga. Iye anaika mtima pa zinenero, nasindikiza buku la malamulo a Chiyao m'chaka cha 1889 ndi lina la Chinyanja m'chaka cha 1901. Koma anzake ena anali asing'anga, monga Dr Henry Scott, amene anagwira nchito pa Domasi ndi pa Zomba asanapite ku Kikuyu m'dziko la Kenya, kumene anamwalira m'chaka cha 1911. Asing'angawa anali owerengeka ndipo odwala anali ambirimbiri, chotero sipanapite nthawi asanaone kuti popanda othandiza a dziko lino nchito siingayende.

Amene anayamba kuphunzitsa othandizawo mwa dongosolo ndiye Dr Neil Macvicar, amene anafika ku Blantyre m'chaka cha 1896. Iye anatenga anyamata odziwa kuwerenga, nawaphunzitsa za thupi la munthu, kutsuka zilonda, kusakaniza mankhwala ndi kuthandiza pa nchito ya opaleshoni, ndipo potsiriza pake anawayesa mayeso. Wodziwika koposa mwa anyamatawo ndiye John Gray Kufa, amene anakhoza bwino kwambiri, natumidwa kukatumikira pakati pa Alomwe, ndipo pambuyo pake anaphedwa ndi Boma m'chaka cha 1915 pa nkhondo ya John Chilembwe. Macvicar anachoka ku Blantyre, napitiriza nchito yomweyo ku Lovedale m'dziko la South Africa kuyambira 1902. Kumpoto nako Dr Robert Laws anaphunzitsa othandiza pa Livingstonia, kumene chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa m'chaka cha 1911.

Mayeso a nthawi imeneyo anali a pakamwa, a m'manja ndi a cholembera. Woyesa ndi woyesedwa ankadziwana nkhope, pakuti ankagwira nchito m'chipinda chimodzi tsiku ndi tsiku. Mnyamata akapanda kumvetsa funso, mphunzitsi ankaona pa nkhope yake, nalibwereza ndi mau ena, kapena kumuonetsa wodwala weniweni kuti amupime. Ubwino wake unali womwewo, kuti funso linali ndi mwini wake pafupi. Kuipa kwake kunali kwakuti zonse zinatsamira pa mtima wa munthu mmodzi, ndipo chikalata cha Mishoni imodzi sichinali ndi mphamvu kunja kwa dziko lino.

Anyamata awiri amene anaoloka nyanja

Mu ulamuliro wa Angerezi munthu sankatchedwa sing'anga weniweni ngati dzina lake silinalembedwe m'kaundula wa bungwe la General Medical Council, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1858, kapena m'kaundula wina wobvomerezedwa ndi Boma. M'Nyasaland munalibe sukulu yofikitsa munthu pamenepo, ndipo wofuna kutero anayenera kuoloka nyanja. Woyamba anali Daniel Sharpe Malekebu, mwana wa sukulu ya Chilembwe ku Chiradzulu, amene anatsata mphunzitsi wake Emma DeLaney ku America, natsiriza maphunziro pa Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville m'chaka cha 1917. Iye anabwerera kwao natsegulanso Providence Industrial Mission m'chaka cha 1926.

Wachiwiri anali Hastings Kamuzu Banda, ndipo ulendo wake unayamba ndi bvuto la kuwerenga funso. Olemba mbiri yake asimba kuti m'chaka cha 1915 iye analowa mayeso ku Kasungu ofuna kusankha anyamata okaphunzira uphunzitsi. Mafunso analembedwa pa bolodi, chipinda chinadzaza, ndipo iye, pokhala wamfupi ndi wokhala kumbuyo, anaimirira kuti aone bwino. Woyang'anira mayeso, mbusa Thomas Cullen Young, anayesa kuti mnyamatayo alikuonera pepala la mnzake, namutulutsa. Pasanapite nthawi Banda anachoka kwao wapansi, nakagwira nchito m'chipatala cha ku Hartley m'dziko la Southern Rhodesia, napitirira ku Johannesburg, ndipo m'chaka cha 1925 anakwera sitima ya ku America. Ali pa University of Chicago anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba malamulo a Chichewa, buku limene linatuluka m'chaka cha 1937, chaka chomwecho chimene iye anatsiriza using'anga pa Meharry.

Koma chikalata cha ku America sichinakwanire kumtsegulira khomo m'maiko a Angerezi. Chotero anapita ku Edinburgh, nalembanso mayeso a mabungwe atatu a asing'anga a ku Scotland, awiri a ku Edinburgh ndi limodzi la ku Glasgow, napambana m'chaka cha 1941. Mayeso a patatu amenewa anayamba m'chaka cha 1884, chaka chomwe Mishoni ya Domasi inabadwa. Munali kulemba mayankho aatali ndi dzanja, kuyankha pakamwa pamaso pa akuluakulu, ndi kupima wodwala pa kama woyesa alikuyang'ana. Ku Edinburgh komweko Banda anakomananso ndi Cullen Young uja, ndipo awiriwo anakhala mabwenzi, nakonza pamodzi buku la miyambo ya kuno limene linasindikizidwa m'chaka cha 1946.

Kuchokera pa Jeanes kufika pa koleji ya madokotala

Pamene awa anali kunja, kuno maphunziro analikusintha. Bungwe la Phelps-Stokes, m'mene munali Dr James Aggrey, linayendera dziko lino m'chaka cha 1924, ndipo Boma linakhazikitsa ofesi ya maphunziro m'chaka cha 1926. Zitatero sukulu ya Jeanes inatsegulidwa pa Domasi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndi thandizo la ndalama za Carnegie Corporation, ndipo mkulu wake woyamba anali mbusa E. D. Bowman. Aphunzitsi ankabwera ndi akazi ao, naphunzira ukhondo wa pamudzi, kukumba zimbudzi, kusamala zitsime ndi kulera makanda, ndipo pambuyo pake mafumu nawo ankaitanidwa. Sukuluyo siinali ya using'anga, koma inalumikiza mphunzitsi ndi nchito ya zaumoyo, ndipo pa malo ake pali lero Domasi College of Education ndi Malawi Institute of Education.

M'zaka za m'ma 1930 Boma linayamba kuphunzitsa othandiza m'chipatala pa Zomba. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964 madokotala obadwira kuno anali owerengeka, ndipo m'chaka cha 1976 ku Lilongwe kunayamba maphunziro a makiliniko ofisala, amene asenza gawo lalikulu la nchito m'zipatala za m'maboma. Lamulo la 1987 linakhazikitsa Medical Council of Malawi, bungwe losunga kaundula wa asing'anga ndi kuwapatsa chilolezo. Potsiriza College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, mwa khama la anthu monga Prof John Chiphangwi, ndipo m'chaka cha 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Chimene Malekebu ndi Banda anachifunafuna kutsidya kwa nyanja, mwana wa m'chigwa cha Domasi angachipeze tsopano atayenda ulendo wa maora ochepa. Koma mafunso amene akomana nawo kumeneko, ndi amene akomana nawo akafuna kukaonjeza maphunziro kunja, sali ngati aja a Macvicar iai.

Kumene mafunso osankha anachokera

Tingadabwe kumva kuti mafunso osankha yankho anabadwira m'sukulu ya aphunzitsi ngati yathu, ndipo anapangidwira kuyesa kuwerenga. Frederick J. Kelly, wa pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi ku Emporia m'chigawo cha Kansas ku America, anaona kuti aphunzitsi awiri akachonga pepala limodzi amapereka malikisi osiyana. Pofuna kuchotsa kukondera kumeneko anakonza, m'zaka za 1914 ndi 1915, mayeso a kuwerenga chamumtima, m'mene funso lililonse linali ndi yankho limodzi lokha lolondola. Pa nkhondo yaikulu yoyamba, kuyambira 1917, asilikali a America oposa 1,500,000 anayesedwa nzeru ndi mayeso a gulu, ambiri a iwo mwa njira yosankhayi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kampani ya IBM inayamba kugulitsa makina ochonga mapepala otere.

Asing'anga anachedwa kuilandira njirayi. Bungwe la National Board of Medical Examiners, limene linayamba m'chaka cha 1915, linayesa anthu kwa zaka zambiri ndi mayankho aatali, mafunso a pakamwa ndi odwala a pa kama. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Dr John P. Hubbard ali pakati pa nchitoyo, bungwelo linatembenukira ku mafunso osankha. Zifukwa zake zinali zitatu. Olemba mayeso anachuluka koposa ochonga. Mayankho aatali asanu kapena asanu ndi limodzi sakhoza kuyesa nthenda zonse, pamene mafunso mazana atatu afika ponseponse. Ndiponso oyesa a pakamwa sankagwirizana, pakuti amene wina anamkweza, wina anamgwetsa.

Komatu mafunso oyambawo anali aafupi, ndipo anayesa kukumbukira kokha, monga dzina la mtsempha kapena muyeso wa mankhwala. Anthu anadandaula kuti woloweza apambana, pamene woganiza bwino sazindikirika. Pofuna kukonza chimenechi, olemba mafunso anayamba kuika wodwala m'kati mwa funso: zaka zake, chimene chamubweretsa, masiku amene wadwala, zimene sing'anga wapeza pomupima, ndi zotsatira za magazi kapena mikodzo. Umo ndimo funso linatalikira. Mayeso a USMLE, amene anayamba ku America m'chaka cha 1992, anamangidwa pa mafunso otere, ndipo akatswiri awiri a bungwe lija, Susan Case ndi David Swanson, analemba buku lolangiza aphunzitsi kalembedwe kake, limene lafala m'sukulu za using'anga m'maiko ambiri. M'chaka cha 2022 gawo loyamba la mayesowo linali ndi mafunso osapitirira 280, ogawidwa m'zigawo 7 za ora limodzi, chigawo chilichonse mafunso osapitirira 40. Tikawerengera, funso limodzi lipeza mphindi imodzi ndi theka.

Chitsanzo cha m'chigwa chathu

Kuti tione bwino, ndapeka funso limodzi m'chinenero chathu, lofanana ndi amene alembedwa m'Chingerezi.

Mnyamata wa zaka 12 afika ku chipatala ndi amai ake. Kwa miyezi itatu wakhala alikuona magazi pomaliza kukodza. Thupi silitentha. Amathandiza makolo ake m'munda wa mpunga, ndipo amasambira mumtsinje ndi anzake. Chaka chatha anadwala malungo nachira. Agogo ake ali ndi nthenda ya shuga. Pomupima, m'maso mwayera pang'ono, nkhope ndi miyendo sizinatupe, ndipo kuthamanga kwa magazi kuli bwino. Kodi choyenera kuchita kuti nthendayi itsimikizike n'chiti? A, kupima magazi kufuna tizilombo ta malungo; B, kuyang'ana mikodzo pa makina okuza tinthu tating'ono; C, kujambula chifuwa; D, kupima shuga m'magazi; E, kum'mwetsa mankhwala a praziquantel.

Aliyense wokulira kufupi ndi nyanja ya Chilwa adziwa kuti ili ndi likodzo, nthenda imene nyongolotsi yake inapezedwa ndi Theodor Bilharz ku Cairo m'chaka cha 1851. Tizilombo take tikulira m'nkhono za m'madzi, tiboola khungu la wosamba, tikhala m'mitsempha yozinga chikhodzodzo, ndipo mazira ake potuluka ndi mikodzo ang'amba chikhodzodzocho. Wophunzira wofulumira, akangozindikira likodzo, maso ake athamangira pa E, pakuti praziquantel ndiwo mankhwala ake. Koma walakwa. Funso silinati nthendayi ichiritsidwe bwanji. Lati itsimikizike bwanji, ndipo yankho lake ndi B, pakuti mazirawo aoneka m'mikodzo, makamaka ya dzuwa lili pamutu. Wophunzirayo nthenda aidziwa, mankhwala awadziwa, koma mzere wotsiriza sanauwerenge.

Njira za kuwerenga

Choyamba, wophunzira ayambe ndi mzere wotsiriza, umene uli ndi funso lenileni, ndipo pokhapo abwerere pamwamba. Mwana wotumidwa ku msika amene wauzidwiratu chokagula sachedwa pa benchi iliyonse. Chomwechonso wodziwiratu kuti afunsidwa dzina la nthenda, kapena chiyambi chake, kapena chopima, kapena mankhwala, awerenga nkhaniyo alikudziwa chimene afuna.

Chachiwiri, awerenge nkhani yonse kamodzi, mwa dongosolo, osadumpha. Nkhanizi zitsata njira imodzi, ndiyo imene sing'anga atsata polemba za wodwala. Mau oyamba, onena zaka ndi ngati ali mwamuna kapena mkazi, ali ndi kulemera kwao, pakuti magazi m'mikodzo ya mnyamata wa zaka 12 ndi magazi m'mikodzo ya nkhalamba ya zaka 70 yosuta fodya aloza ku nthenda zosiyana. Kutalika kwa nthawi nakonso kuli ndi mau: cha masiku awiri ndi cha miyezi itatu sizifanana.

Chachitatu, asamale zimene funso lanena kuti palibe. M'chitsanzo chathu, kusatupa kwa nkhope ndi kusakwera kwa magazi kunalembedwa dala, kuti kuchotse ganizo la kutupa kwa impso, kumene nakonso kutulutsa magazi m'mikodzo ya ana. Ndipo azindikire mankhusu amene asakanizidwa ndi ufa: malungo a chaka chatha ndi shuga wa agogo aikidwamo kuti akope wosakhazikika apite ku A kapena ku D.

Chachinai, aphimbe mayankho ndi dzanja, anene m'mtima mwake nkhani yonse m'chiganizo chimodzi, ayankhe yekha, ndipo atatero ayang'ane pansi. Case ndi Swanson analangiza olemba mafunso kuti funso labwino liyenera kuyankhika mayankho ali ophimbidwa. Tsono chimene chili lamulo kwa wolemba chikhale chida kwa wowerenga. Woyamba ndi mayankho asanaganize afanana ndi pusi wa m'mwambi, amene anati ichi chakoma, ichi chakoma, nagwa chagada.

Chachisanu, ngati yankho lake silipezeka pansipo, achotse limodzi limodzi amene ali osayenera, napereke chifukwa cha kuchotsa lililonse. Akatsala awiri, abwerere ku mzere wotsiriza, pakuti kawirikawiri onse awiri ali oona, koma limodzi lokha liyankha chimene chafunsidwa.

Chachisanu ndi chimodzi, asunge nthawi. Funso lobvuta ndi lapafupi malikisi ake ndi amodzi, ndipo wotaya mphindi zisanu pa limodzi waba nthawi ya mafunso ena awiri. Asankhe, aike chizindikiro, apitirire, ndi kubwerako nthawi ikatsala. Pali chikhulupiriro chakuti yankho loyamba silisinthidwa. Koma ofufuza za mayeso apeza kawirikawiri kuti osintha achoka pa cholakwa kupita pa cholondola koposa kuchoka pa cholondola kupita pa cholakwa. Chofunika ndicho kusintha chifukwa cha chinthu chimene waona m'nkhani, osati chifukwa cha mantha, pakuti mapanga awiri abvumbwitsa.

Bvuto la zinenero ziwiri

Mwana wathu ali ndi katundu wina amene mwana wa ku Edinburgh alibe. Iye aganiza m'Chichewa kapena m'Chiyao, koma funso libwera m'Chingerezi, ndipo timau tating'ono ndito timugwetsa. Mau akuti "except", "least" ndi "not" atembenuza funso lonse, kotero kuti chofunidwa ndicho cholakwa pakati pa zoona. Pamenepa chinenero chathu chitsata njira ina. Tikafunsa mwana kuti, "Kodi sunadye?" iye ayankha "Inde," kutanthauza kuti sanadye, pamene Mngerezi akadati "No." Wozolowera kubvomera funso lokana asokonezeka msanga akakomana ndi kukana kuwiri m'chiganizo chimodzi. Mankhwala ake ndiwo kulitembenuza funsolo m'mtima: zinai mwa izi ndi zoona, ndipeze chimodzi chonama.

Palinso mau amene m'chipatala ali ndi tanthauzo lao. Funso likati wodwala "denies" kutentha thupi, ife timva ngati alikukana mlandu, ndipo tiyamba kumkayikira. Koma tanthauzo lake ndi lakuti anafunsidwa, nati alibe. Liu lakuti "positive" kunja limveka lokoma, koma pa zopima linena kuti chofunidwacho chapezeka, ngakhale chili choipa. Ndipo "most likely", "initial" ndi "next" ndi mafunso atatu osiyana, ngakhale nkhani ya pamwamba ikhale imodzimodzi.

Mbali inanso, mau athu a nthenda ali otakata koposa a m'buku. Mai akati mwana ali ndi malungo, kawirikawiri atanthauza kutentha ndi kuphwanya kwa thupi, kumene kungachokere ku nthenda zambiri, osati ya udzudzu yokha. Chifuwa ndi chiwalo, ndiponso ndi kutsokomola. Wodandaula mtima nthawi zina aloza pamwamba pa mimba. Wophunzira amene atembenuza liu ndi liu, osafunsa chimene mwini wake atanthauza, alakwa m'mayeso ndipo adzalakwanso pamaso pa wodwala.

Koma tisayese kuti chinenero chathu ndi chopinga chokha, pakuti luso lofunika pano makolo athu anali nalo kale. Pa bwalo la milandu wodandaula sayamba ndi mbuzi imene yadya chimanga. Ayamba ndi agogo amene anagawa mundawo, ndi ukwati umene unalumikiza mabanja awiriwo. Nduna zimvetsera zonse osamdula, ndipo potsiriza imodzi ibwereza mlandu wonse m'mau ochepa, ndi kunena pamene pagona nkhani. Kumeneko ndiko kuphimba mayankho ndi kunena nkhani m'chiganizo chimodzi. Madzulo ana akamaponyerana ndagi, wina nati "Ndagi," anzake nayankha "Gize," aphunzira kuti liu lililonse la ndagi lili ndi nchito yake, ndi kuti yankho lofulumira kubwera m'mutu silikhala lolondola nthawi zonse.

Gawo la mphunzitsi

Sing'anga sayamba kuwerenga ali ku Blantyre iai. Ayamba ali m'manja mwathu, m'Sitandade 3 kapena 4. Mwana amene tamzoloweza kufuna m'ndime liu lofanana ndi la m'funso ndi kulikopera, adzachita chomwecho ali ndi zaka 24. Chotero pophunzitsa kumvetsa nkhani, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe, tiyeni tizimuuza mwana atseke buku, anene nkhaniyo m'mau ake, ndipo anene chimene funso lifuna asanayankhe. Akasankha yankho, timfunse chifukwa chake wakana enawo. Timuonetse poyera kusiyana kwa "inde" wathu ndi "no" wa Angerezi. Ndipo ife tomwe polemba mafunso osankha, tiwayese ndi dzanja: ngati funso siliyankhika mayankho ataphimbidwa, cholakwa ndi chathu, si cha mwana.

Tiyeneranso kukumbukira malire a mayesowa. Pepala silingaone ngati munthu adziwa kugwira mimba ya wodwala kapena kulankhula ndi mai wamantha. N'chifukwa chake Ronald Harden ndi anzake ku Dundee anafalitsa m'chaka cha 1975 njira ina, m'mene woyesedwa azungulira malo angapo, napima kapena kufunsa pamaso pa woyesa, njira imene sukulu zambiri za using'anga zaiphatikiza ndi mafunso osankha. Potero chinthu chija cha masiku a Macvicar, kuyesa munthu ndi manja ake, chabwereranso, koma ndi muyeso umodzi kwa onse.

Funso lalitali ndi chithunzi cha wodwala. Mai wochokera ku Malemia kapena ku Kuntumanji akafika pa chipatala, asimba zambiri, zina zofunika, zina zosafunika, ndipo nthawi zina chimene chamubweretsa achinena potsiriza, atagwira kale chitseko. Sing'anga amene anazolowera kudumpha mzere wotsiriza pa pepala adzaudumphanso pamenepo, ndipo chotayika sichidzakhala malikisi, koma moyo wa mwana ali kumbuyo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata wa ku Kasungu uja anaimirira kuti aone funso lonse, nalangidwa chifukwa cha kutero. Ife aphunzitsi anzanga, tisamale kuti ana athu aone bolodi bwino, ndi kuti aliwerenge kufikira pamapeto.